Masika a ku Chadiza ndi Bondo Lachitsulo

Mvula ikatsazika m'mwezi wa Epulo, dziko la Chadiza limasintha nkhope. Matope a m'njira amauma, mitsinje imene inali kusefukira imabwerera m'makwawa mwake, koma fumbi lenileni limakhala lisanayambe. M'minda mikukwe ya chimanga imakhala itaimirira, amayi akuzula nshawa, mpendadzuwa utaweramitsa mitu, ndipo ngolo za ng'ombe zimalira m'tinjira kututira zokolola ku nkhokwe. Iyi ndiyo nyengo ya masika. Ife amene ntchito ya ukatekisti yatiyendetsa zaka zambiri m'midzi ya Mfumu Mlolo, Mfumu Zingalume ndi Mfumu Mwangala tikhoza kuchitira umboni kuti palibe miyezi ina imene dziko lino limakomera munthu woyenda pansi kuposa Epulo ndi Meyi. Dzuwa silipsereza ngati la Okutobala, ndipo chisanu cha Juni chimakhala chisanafike.

Chaka chino masika tawayenda mosiyana ndi kale. Tawayenda pang'onopang'ono, poperekeza mnzathu wina wa mumphakati mwathu, mphunzitsi wopuma pa ntchito, amene adamuika bondo lachitsulo ku Lusaka m'mwezi wa Marichi. Kwa zaka zingapo nyamakazi idamudya bondo la kumanja, kufikira pakuti ngakhale kutchalitchi ankamutengera pa ngolo. Ana ake adasonkha ndalama, ndipo adabwerako ndi chipsera chachitali pabondo, ndodo ziwiri zoyendera ndi pepala la malangizo a madokotala.

Popeza owerenga ambiri sadaonepo munthu wotere, tiyambe tafotokoza zimene zimachitika. Aliyense amene adakukutapo fupa la nkhuku akudziwa kanthu kaja koyera ndi koterera kokuta nsonga ya fupa. Nafenso tili nako m'maondo mwathu. Kakatha chifukwa cha ukalamba, ntchito yolemetsa kapena kuvulala kwakale, mafupa amayamba kukhulana okhaokha, ndipo ululu wake susimbika. Madokotala sachotsa bondo lonse ayi. Amapala nsonga zoonongeka za mafupa awiriwo, nazikuta ndi chitsulo chosachita dzimbiri, ndipo pakati amaikapo pulasitiki wolimba kuti pakhale poterera. Luso limeneli lidakhwima m'zaka za m'ma 1970, ndipo mmodzi mwa amene adalikonza ndi dokotala John Insall wa ku New York. Kafukufuku amene adafalitsidwa m'magazini ya zachipatala ya The Lancet m'chaka cha 2019 adapeza kuti pa maondo 100 otere, pafupifupi 82 amakhala akugwirabe ntchito patapita zaka 25. Kuno kwathu opaleshoniyi imachitika makamaka ku Lusaka, ndipo pakati pa zipatala zodziwika pa za mafupa pali cha Mpingo wathu, St John Paul II Orthopaedic Mission Hospital, chimene ambiri adazolowera kungochitchula kuti Italian.

Dokotala amatha ntchito yake m'maola awiri. Yotsalayo ndi ya mwini bondo, ndipo apa ndi pamene mudzi wathu, ndi chikondi chake chonse, ungathe kuononga zimene ana adalipira. Mwambo wathu umati wodwala agone. Timamuyalira mphasa pamthunzi, timamutungira madzi, timamuletsa ngakhale kutola ndodo yake. Mnzathuyu atangofika kuchokera ulendo wa makilomita oposa 500, akunyumba kwake adachita zomwezo. Pamene adaimirira kuti ayende pabwalo tsiku lachitatu, mayi wa m'nyumba adathamanga nati: "Abambo, khalani pansi! Kodi mufuna kuthyola chitsulo chimene ana avutikira?" Sitingawadzudzule mayiwo, pakuti chidawalankhulitsa ndi chifundo. Koma chitsulocho sichithyoka ndi kuyenda. Choopsa ndicho kukhala. Bondo likapanda kupindidwa ndi kuwongoledwa tsiku ndi tsiku, zipsera za m'kati zimalimanga, ndipo pakatha miyezi itatu kulimasula kumakhala kovuta kwambiri, mwina kufikira pobwerera naye kuchipatala. Munthu wongogona amathanso kuundana magazi m'mitsempha ya mwendo. N'chifukwa chake kuchipatala amamuimiritsa wodwalayo tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake.

Tsono ulendo wathu woyamba udali wa pabwalo. Tisaunyoze. Bwalo la Mchewa, losesedwa m'mawa uliwonse, louma ndi losalala, liposa makonde ambiri a m'tauni. Kuchokera pakhomo kufika pa nkhokwe, kuzungulira khola la mbuzi, kubwerera: mphindi zisanu, katatu kapena kanayi pa tsiku. Adzukulu adapatsidwa ntchito yotola zitsononkho ndi kuingitsa nkhumba ndi agalu, pakuti chimene chingamugwetse munthu wa ndodo ziwiri ndi kanthu kakang'ono. Tidamukonzera mpando wautali wokhala ndi pogwira manja, chifukwa pa mphasa kapena pa kampando kaja kosema sakadatha kudzukapo. Ndipo titchule ndi chimene ambiri amachita nacho manyazi: chimbudzi chokumba chimafuna munthu wonjuta, pamene bondo latsopano silinjuta. Mmisiri wa matabwa wa m'mudzimo adakhoma kabokosi kobowola pakati, naimika mtengo wogwirira pambali. Banja lililonse loyembekezera wodwala wotere likonzeretu zimenezi iye asanafike.

Sabata lachitatu, atamuchotsa ulusi pachilonda, tidatuluka pabwalo kulunjika kuchitsime. Apa m'pamene korona idatithandiza. Mwezi wa Meyi ndi wa Amayi Maria, ndipo miphakati yathu imapemphera korona nyumba ndi nyumba madzulo. Tidaona kuti korona ndi muyeso wabwino kuposa wotchi: Tikuoneni Maria khumi popita, khumi pobwera. Sabata lotsatira tidaonjezera khumi lina. Korona yathunthu imatenga mphindi 15 kapena 20, ndipo ulendo wotere ndi wokwanira kwa munthu amene wangotha mwezi umodzi chichokere pa opaleshoni. Amayi a Legio atamva, adasintha ndondomeko yao kuti nyumba zoyamba kuchezeredwa zikhale zoyandikana ndi kwa aphunzitsiwo, ndipo zakutali zidze kumapeto kwa mwezi. Motero mapemphero ankasendera kutali monga momwe mwendo unkalimbira. Pa zonse zimene taona miphakati ikuchitira odwala, ichi chidatikhudza koposa, chifukwa sichidafune ndalama ngakhale imodzi.

Nthawi yabwino yoyendera ndi pamene mame auma, cha m'ma 9 koloko, kapena dzuwa litapendeka. M'mamawa udzu wa tsekera umagwera m'njira utanyowa, ndipo dothi la pansi pake limaterera. Nsapato zikhale zotseka ndi zomanga zingwe. Mapatapata asiyidwe pakhomo. Munthu akasiya ndodo ziwiri n'kutsala ndi imodzi, aigwire ku dzanja la mbali ya mwendo wabwino, osati wodwala monga ambiri amachitira. Pokwera chitunda kapena khonde atsogoze mwendo wabwino, potsika atsogoze wodwalawo.

Njira ya kuchitsime imadutsa m'mphepete mwa minda, ndipo munthu woyenda pang'onopang'ono amaona zimene wa panjinga saona. Tidaona momwe chisoso chimadikirira m'mbali mwa njira kuti chikakamire thalauzi, ndi momwe mbalame zimatsatira amayi ozula nshawa. Tidadya magwafa otsiriza a chaka. Tidaima kwa nthawi yaitali kuyang'ana mapiri a kumwera, kumene kuli Chanida ndi malire a Mozambique. Aphunzitsiwo adatikumbutsa kuti m'zaka za m'ma 1980 tinjira timeneti tidadzaza ndi anthu othawa nkhondo, ena atabereka nkhalamba zao kumsana, kufikira pamene mtendere udasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Adatikumbutsanso za ansembe a White Fathers, amene adakhazikika ku Kachebere m'chaka cha 1903, nafika pambuyo pake kuno kwathu ku Naviruli, ndi za akatekisti oyamba amene ankayenda masiku angapo ndi katekisimu m'thumba. Dziko lino Chikhristu chake chidabwera pa mapazi. Mwina n'chifukwa chake munthu wa kuno akalephera kuyenda amamva ngati wachotsedwa mumpingo.

Koma masika ali ndi misampha yake, ndipo woperekeza ayenera kukhala maso a wodwalayo. Msampha waukulu ndi munda weniweniwo. Mlimi sangaone chimanga chake chili m'mikukwe iye n'kungodutsa. Mnzathuyu adayesa kangapo kupatukira m'munda, nati: "Ndingoona chabe ngati chiswe sichinalowe." Tidamukaniza. Mizere ya m'munda ikauma imalimba ngati njerwa, mapesi odulidwa amabisala m'udzu, ndipo phazi likapindika pamenepo bondo limapotoka. Kupotoka ndi kugwa ndizo zimene bondo latsopano limadana nazo. Zigwembe zimene mvula idakumba m'njira za ngolo nazonso n'zofunika kuzilambalala. M'malo a udzu wautali mphiri imakonda kugona panjira, ndipo siithawa msanga monga njoka zina. Woperekeza atsogole ndi ndodo. Kufupi ndi mitsinje chitedze chimakhala chikukhwima, ndipo munthu woyabwidwa nacho amadumpha osakumbukira kuti ali ndi chitsulo m'mwendo.

Kudimba tidafikako sabata lachisanu ndi chimodzi. Njira yake imatsetsereka kulowa m'dambo, ndipo kutsika kumavuta kuposa kukwera. Tidaima pamtunda pouma, adzukulu natibweretsera nzimbe ndi mpiru. M'dambo mwenimwenimo sadalowemo, ndipo m'madzi a mumtsinje sadaviikemo mwendo kufikira chilonda chitapoleratu.

Akabwera koyenda, bondo limatupa ndi kutentha pang'ono. Zimenezi n'zachizolowezi, ndipo zimatha kupitirira miyezi ingapo. Madokotala amalangiza kuikapo ayezi, koma kumudzi kulibe firiji. Nsalu yoviika m'madzi ozizira a mumtsuko, chilonda chitapola, imathandizako, pamodzi ndi kugona chagada mwendo utatsamira pa mapilo. Ngati kutupa ndi ululu sizinachepe pofika m'mawa, ndiye kuti dzulo lake tidapitiriza muyeso, ndipo tsikulo tinkachepetsa korona. Pali zizindikiro zina zimene sizidikira kuti kuche. Katumba akatupa, kulimba ndi kuwawa, kapena munthu akayamba kubanika ndi kumva kupweteka pachifuwa, athamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo, pakuti mwina magazi aundana. Chilonda chikafiira, kutulutsa madzi kapena mafinya, chimodzimodzi. Thupi likatentha tisangoti ndi malungo, ngakhale kuti malungo amachuluka nyengo imeneyi. Akapimidwe magazi, ndipo anamwino auzidwe kuti munthuyu ali ndi chitsulo m'bondo.

Pano tilankhule mosabisa za mphini. Bondo likachedwa kuphwa, sipalephera kupezeka wachibale wonena kuti pali sing'anga wodziwa kutema. Abale athu okondedwa, pa bondo lachitsulo pasayandikire lumo. Tizilombo tikalowa n'kukafika pa chitsulocho timakakamira pamenepo, mankhwala akumwa satha kutichotsa bwino, ndipo kawirikawiri mapeto ake ndi opaleshoni ina yochotsa zonse zimene adaikamo. Pa chifukwa chomwecho, dzino lobowoka kapena chilonda cha kuphazi zisalekereredwe.

Tsiku limene mnzathuyu adafika yekha kutchalitchi cha nthambi yathu, ulendo wa korona imodzi ndi theka, funso lake loyamba lidali la kugwada. Kwa Mkatolika wa msinkhu wake, kukhala chilili pamene anzake agwada pa nthawi ya kupatulira mkate ndi vinyo n'chinthu chowawa mumtima. Tidamuwerengera zimene malangizo a Buku la Misa amanena pa ndime 43: odwala sakakamizidwa kugwada, koma awerame kwambiri pamene wansembe agwada atatha kupatula. Tidamukumbutsanso kuti Papa Francis, kuyambira m'chaka cha 2022, ankayenda pa njinga ya odwala chifukwa cha bondo lomwelo, ndipo palibe adati Misa yake yachepa. Madokotala amati bondo likapola kugwada sikuononga chitsulo, kungoti ambiri amamva kuwawa kapena dzanzi pachipsera. Wofuna kuyesa ayambe afunsa dokotala wake, ndipo ayambire pa pilo, osati pa simenti ya m'tchalitchi. Akomiti adamusungira malo kumapeto kwa benchi kuti azitha kuwongola mwendo.

Tsopano maso ake ali pa njinga. Kuno kum'mawa njinga ndiyo galimoto ya munthu wamba, ndipo a fiziyo amailimbikitsa chifukwa imapinda bondo popanda kulisenzetsa thupi lonse. Poyamba adzukulu adaimika njingayo pa sitandi yake, naimangirira ku mtengo wa mango, nakweza chishalo kuti mwendo usapindike kwambiri, iye n'kumapalasa pamalo amodzi osapita kulikonse, ana a m'mudzi akuseka. Ya pamsewu ayamba dokotala akamuona ndi kumuloleza, ndipo ayambira pa bwalo la mpira la pasukulu, wopanda thumba la chimanga pakaliyala. Khasu, kusenza matumba ndi kukwera pa nkhokwe chaka chino wazisiyira adzukulu. Kuchira kwathunthu kumatenga mwina chaka chonse. Iye akuti pofika kumapeto kwa Ogasiti, pamene Achewa a ku Zambia, Malawi ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba, adzapita nao, ndipo mpando wake wautali uja udzakwera nao galimoto.