Mpando wogwedezeka ndi chikhatho cha mng'ono wanga

Mu 1959, William Castle atatulutsa filimu yake yoopsa ya The Tingler, anamangirira timakina tonjenjemera pansi pa mipando ina m'nyumba zoonetseramo kanema ku America. Ikafika nthawi yoti chilombo cha m'filimuyo chathawira pakati pa oonera, mipando ija inkayamba kunjenjemera, anthu n'kumakuwa. Nditamva nkhaniyi m'kalasi ndinaseka. Ndinasekanso nditawerenga za 4DX, imene kampani ya ku South Korea ya CJ 4DPlex inayambitsa mu 2009. Galimoto ikakhota mpando umapendekeka, wina akalandira chibakera umakugunda kumsana, kukamagwa mvula timadontho ta madzi timakuwaza. Ndinkati izi n'zidole za anthu osowa chochita ndi ndalama.

Maganizo amenewa sindinawataye onse. Kudzidzimutsa munthu n'kosavuta, ngakhale mwana wobisala kuseri kwa chitseko amatha. Nanga chisoni? Mpando ungagunde motani kuti undiuze kuti mayi uyu sadzamuonanso mwana wake? Ndipo ukamandiuza nthawi yolira, misoziyo ikhala yanga kapena ya amene anatchera makinawo?

Amene anandisokoneza ndi mng'ono wanga, yemwe samva chibadwire. Pa holide yapitayi tinkaonera filimu pa laputopu yanga, nditalumikiza sipika yaikulu ya bambo imene anthu amabwereka pa zinkhoswe. Iye anasendera pafupi n'kuika chikhatho pa sipikayo. Ndinkayesa akufuna kulira kwa mfuti ndi mabomba, koma pa zimenezo ankangoseka n'kuchotsa dzanja. Pomwe chikhatho chinakhazikika osasuntha ndi pamene nkhalamba ya m'filimuyo inagona yokha m'chipinda, nyimbo ya mabesi ikulira pansipansi. Kenako nyimboyo inaduka. Anatembenuka msanga n'kundifunsa ndi manja: "Achimwene, amwalira?" Mawu olembedwa m'munsi aja anali asanatuluke n'komwe.

Ndinachita manyazi. Zaka zonsezi ndinkaganiza kuti ndikamuyatsira mawu a m'munsi ndiye kuti taonera filimu imodzimodzi. Chonsecho chisoni chambiri cha m'filimu chimadzera m'nyimbo, komanso m'kachetechete wobwera nyimbo ikatha. Kalembedwe kakuti "nyimbo yachisoni" pansi pa sikirini kamangokudziwitsa, sikakufinya pachifuwa.

Zipangizo zake zilipo kale. SubPac ndi Woojer anapanga zovala zosandutsa mabesi kukhala kunjenjemera kwa pathupi. Chondidandaulitsa n'chakuti mipando ya 4DX imathera mphamvu pa mafilimu a magalimoto othamangitsana ndi ngwazi zouluka, pomwe kunjenjemera kofatsa, kotsatira nyimbo n'kudziwa posiyira, ndi kumene kunamufikitsira mng'ono wanga uthenga wa maliro ine ndisanamuuze.

Masiku ano tikamaonera filimu, mpando wa pafupi ndi sipika ndi wake, palibe wolimbirana naye. Usiku wina atagona ndinayesa ndekha: ndinatseka makutu ndi thonje, n'kuika chikhatho pomwe amaika iye. Ndinatha mphindi zingapo osazindikira kanthu. Zonse zinkangomveka ngati chigayo.