Ng'ombe Yathu Yolimira ndi Satifiketi ya Mwana wa Mlongo Wanga

Abale anga a kuno ku Chipera ndi madera onse a ku Fingoé mpaka kumalire a Zambia, ndati ndikufotokozereni zimene zidachitika pabanja pathu m'chaka cha 2024, poti mwina mawa zidzagwa pakhomo panu.

Mwana wa mlongo wanga amagwira ntchito ya makompyuta pa ofesi ina mumzinda wa Tete. Atabwera kudzationa nthawi yokolola, adandiitanira pambali nati: "Amalume, ndikufuna kulemba mayeso a satifiketi yoyendetsera ntchito. Ndithandizeni tigulitse ng'ombe imodzi." Mtima wanga udagunda, pakuti ng'ombe zimene tili nazo ndi ziwiri zokha, ndipo ndizo zimakoka pulawo m'minda ya mbumba yonse. Koma poti mwini mbumba ndine, sindidafune kukana ndisanamve bwino.

Adandifotokozera kuti pali njira yogwirira ntchito yotchedwa Agile, imene anthu 17 adagwirizana mfundo zake ku Utah, m'dziko la America, mu 2001. Mtundu wake wodziwika kwambiri ndi Scrum. Ntchito yaikulu amaidula m'zigawo zosapitirira mwezi umodzi. Tsiku lililonse gulu limakumana mphindi 15 zokha kuti lione pamene lafika, ndipo chigawo chikatha amaonetsa mwini ntchito zimene apanga kuti akonze msanga pamene palakwika. Ine ndidaseka ndi kunena kuti zimenezo n'zofanana ndi dima, pamene timagawana ndime m'mawa, madzulo n'kuyendera limodzi. Iye adavomera, koma adati wotchedwa Scrum Master si kapitawo ayi, ntchito yake ndi kuchotsa zopinga kuti anzake agwire bwino.

Tsono satifiketi ya bungwe la Scrum.org ili ndi magawo atatu: PSM I, PSM II ndi PSM III. Mnyamatayu adafuna gawo lachitatu, loposa onse, chifukwa mnzake adamuuza kuti mabwana amangoyang'ana pepala lapamwamba. Mtengo wake udali madola 500, amene panthawiyo adali pafupifupi 32,000 meticais. Gawo loyamba lidali madola 200, ndiwo pafupifupi 12,800 meticais. Ndidafunsa kuti ukalephera ndalama zimabwerera? Adayang'ana pansi nati ayi, malipiro amodzi ndi a kulemba kamodzi basi.

Apo ndidakumbukira za ine mwini. Nthawi ya nkhondo tidathawira ku Zambia, ndipo tidakhala ku Ukwimi, m'boma la Petauke, mpaka mtendere wa 1992 utakhazikika. Kumeneko ndidayamba kuphunzira ukalipentala kwa bambo wina wachikulire. Mwezi usanathe ndidafuna kukhoma kabati, poti kabati ndiye amabweretsa ndalama. Bambo aja adandiletsa, koma ine ndidatenga matabwa a mlombwa mwakabisira ndi kuyamba kucheka. Zitseko sizidakumane, ndipo matabwa onse adaonongeka. Ndidagwira ganyu miyezi iwiri kubweza mtengo wake, kenako ndidabwerera pa puleni ndi timipando ting'onoting'ono. Kabati woyamba wooneka ndidamukhoma patapita zaka ziwiri.

Choncho ndidamufunsa mafunso atatu. Kodi ntchito imeneyi udayamba waigwirapo? Adati wangoonerera ena akuichita. Kodi abwana ako apempha gawo liti? Atafufuza adapeza kuti iwo amangofuna munthu wodziwa chiyambi chake. Nanga mayeso ake amafunsa zotani? Apa ndipo pamene adayamba kuzizira. Gawo loyamba lili ndi mafunso 80 oyankha mu ola limodzi, m'Chingerezi, ndipo kuti upambane uyenera kukhoza 85 pa 100 alionse, kutanthauza mafunso 68. Gawo lachitatu limafuna kuti ulembe ndi mawu ako momwe ungathetsere mavuto a gulu la antchito, zinthu zimene munthu amazidziwa atakumana nazo. Ngakhale bungwe lina lotchedwa Scrum Alliance silipereka gawo lake lachiwiri kwa munthu amene sadagwirepo ntchitoyi chaka chathunthu.

Ndidamuuza kuti: "Mwana wanga, kuthamanga sikufika. Pepala lapamwamba pamanja opanda luso lili ngati kabati wanga wa ku Ukwimi." Adakwiya ndithu, ndipo adabwerera ku Tete osatsazika bwino. Mayi ake adandinena kuti ndikumana mwana mwayi, ndipo mawu amenewo adandipweteka masiku ambiri.

Patapita sabata zitatu adaimba foni kuti wavomera kuyamba ndi gawo loyamba. Tidagulitsa mbuzi zingapo ndi matumba a chimanga, iyenso adaonjeza za m'thumba mwake. Kabuku kophunzirira, Scrum Guide, kolembedwa ndi Ken Schwaber ndi Jeff Sutherland, kamapezeka kwaulere pa intaneti, ndipo adakawerenga miyezi itatu asanalembe. Adakhoza. Lero akuthandiza kagulu kochepa pa ofesi pawo, ndipo iye yekha akuti gawo lachiwiri aliganizira akadzaona kuti manja ake akhwima. Ng'ombe zathu zonse ziwiri zidalima mvula itagwa.

Inu makolo anzanga, ana athu akubwera ndi mayina a mapepala amene ife sitiwadziwa. Ngakhale m'sukulu zathu za ntchito zamanja muli magawo, CV3, CV4 ndi CV5, ndipo mwana amakwera limodzi limodzi. Musachite manyazi kufunsa chifukwa choti simudapite patali kusukulu. Musanamasule chingwe cha ng'ombe, mufunseni mwanayo ntchito imene wagwirapo kale, gawo limene olemba ntchito akufuna, ndi chimene chidzatsale pakhomo akalephera. Akayankha bwino, muthandizeni ndi mtima wonse.