Ben Vane: Kaphiri Kakafupi Koma Kamakani

Imwe a ku Chawama na Matero amene mumadandaula na mphepo ya June, mverani za Ben Vane, phiri la ku Scotland pafupi na nyanja ya Loch Lomond. Kutalika kwake ni mamita 915 chabe. Lusaka yeniyeni ili pamwamba kupambana nsonga yake, chifukwa tauni yathu ili pafupifupi mamita 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere. Manje musaseke. Kuja muyambira pansi penipeni, m'mbali mwa madzi, ndipo pafupifupi mamita 900 onsewo ni a miyendo yanu.

Kumeneko phiri lililonse lopitirira mafiti 3,000 amalitcha Munro, dzina la Sir Hugh Munro amene anawandandalika mu 1891. Alipo 282, ndipo Ben Vane ili pafupi na kumapeto kwa mndandanda. Alendo ambiri amathamangira ku Ben Lomond kapena The Cobbler kukajambula mapikicha a pa Facebook, aka amakapitirira. Ni kulakwa kwawo.

Ulendo uyambira pa Inveruglas, pa msewu wa A82 wochokera ku Glasgow, pafupi na mapaipi anayi akuluakulu otsitsa madzi ku siteshoni ya malaiti ya Sloy. Poyamba ni kamsewu kabwinobwino, mungamvere na nyimbo. Kenako matope. Kenako phiri liimirira pamaso panu monga khoma, ndipo pena mukwawa na manja pa miyala. Choipa maningi n'chakuti limanama: muona nsonga, mufika mukupuma wefuwefu, kutsogolo kwabuka ina. Kangapo konse!

Mu December miyalayo ivala ayisi. Masiniika a pa salaula asiyeni ku nyumba. Pafunika jombo zolimba zomangirira mano achitsulo otchedwa crampons, na ice axe, kankhwangwa kozika mu snow mukaterereka. Kuwala kwa tsiku ni maola 7 chabe, ikakwana 16 hours kwada kale, so tochi na mapu zikhale m'chola. Foni imafa msanga na kuzizira. Zikavuta mutuma 999, mupempha apolisi, ndiye aitane opulumutsa anthu m'mapiri, amene ni ongodzipereka, salandira malipiro.

Pamwamba ni kabwalo kakang'ono. Kukayera muona damu la Loch Sloy pansi paja, na Ben Lomond yoyera mbee kutsidya. Imwani tiyi wa mu fulasiki mwamsanga, chifukwa njira yotsikira ni yomweyo mwakwerera, ndipo potsika m'pamene ayisi amagwetsa anthu.