Za m'kati mwa mbuzi: phwando la ku Scotland ndi chiwaya cha ku Kawale

Dzuwa likamapendeka ku Kawale, fungo limene limakulandirani mukangotsika minibasi ndi la mafuta a mbuzi akupsa pachiwaya. Anyamata amakhala atayala kale chiwindi, mapapo, mtima ndi nthumbwana, pambali ataunjika kamchere kosakaniza ndi tsabola wa kambuzi. Ku Biwi n'chimodzimodzi, kungoti kumeneko fungolo limasakanikirana ndi la oyilo wa m'magalaja. Ku Area 23 nako utsi umakhala uli tolo mpaka usiku.

Tsono tayang'anitsitsani amene azungulira chiwayacho. Ndi abambo okhaokha, chiimirire, akutola nthuli imodziimodzi uku wogulitsa akuwerenga chamumtima. Mayi simumuona, mwana ndiye n'komwe. Bamboyo akakhuta amapukuta pakamwa bwinobwino, n'kukafika kunyumba ali "lero zinthu sizinayende", ana n'kugonera bonongwe wopanda ndi tomato yemwe.

Nyama yomweyi, ya m'kati, anzathu a ku Scotland adaisandutsa chakudya cha ulemu cha dziko lonse. Anthu amenewa si alendo kwa ife. Mzinda wa Blantyre udatenga dzina la kwawo kwa David Livingstone, mishoni ya Livingstonia idayamba mu 1875, ya Blantyre mu 1876, ndipo Kamuzu Banda adakamalizira maphunziro a udotolo ku Edinburgh. Mu 2005 Bingu wa Mutharika adasainirana pangano la ubale ndi Jack McConnell, yemwe panthawiyo adali nduna yaikulu ya Scotland. Tidatengera kwa iwo mapemphero, sukulu ndi zipatala, koma za kukhitchini kwawo ambirife sitizidziwa.

Chaka chilichonse pa 25 Januwale iwo amakumbukira mlakatuli wawo Robert Burns, yemwe adabadwa tsiku limeneli mu 1759 m'mudzi wa Alloway. Adali mwana wa mlimi wosauka, iyenso adagwira pulawo, ndipo ndakatulo zake zambiri adazilemba m'chiyankhulo cha anthu wamba a kwawoko. Adamwalira mu 1796 ali ndi zaka 37 zokha. Patatha zaka zisanu, mu 1801, anzake angapo adasonkhana m'kanyumba komwe adabadwira kudya mgonero womukumbukira, ndipo mwambowo sudalekekenso. Januwale kwawoko ndi mwezi wa chisanu choopsa, kunja kumada msanga. Kwathu kuno ndi mwezi wa mvula, wa fizi ndi ngongole za Khirisimasi, nkhokwe zitapepuka. Mwezi wowawa kuwiri konse.

Ine mwambowu ndidauonako ndikadali pantchito, kunyumba kwa namwino wina wa ku Scotland yemwe tinkagwira naye ntchito muno mu Lilongwe. Tidakhala pansi tonse, amuna, akazi ndi ana omwe. Pemphero lalifupi litatha tidamwa supu, kenaka tonse tidauzidwa kuimirira. Ndinkaganiza kuti kukulowa bwana wina wake, koma ayi, chimalowa ndi chakudya, chili m'mbale yaikulu, chikuperekezedwa ndi nyimbo ya chitoliro chawo chokhala ndi thumba la mphepo chija. Dzina lake haggis. Bambo wina atavala kilt, chovala cha amuna chonga siketi, adachilakatulira ndakatulo ya Burns yotchedwa Address to a Haggis, ndipo ili mkati adasolola mpeni n'kuching'amba pamimba, nthunzi kuti fuu!

Ndidaseka chamumtima nditaona za m'katimo. Abale inu, ndi mtima, chiwindi ndi mapapo, zoduladula tizidutswa ting'onoting'ono, zosakaniza ndi anyezi, mafuta a nyama, ufa wa oats, mchere ndi tsabola, zonsezo n'kuzisokera m'chifu n'kuziwiritsa. Kwawo amagwiritsa ntchito nkhosa, koma mnzathuyo adachita kugula za mbuzi pamsika poti nkhosa kuno n'zosowa. Amadyera mbatata ya kachewere yopota ndi chitsinde chachikasu cha mtundu wina wa tanaposi, nacho chopotanso. Chakudya cha amphawi chenicheni, chobadwa chifukwa choti popha nkhosa pasatayike kanthu. Ku America adaletsa kugulitsa mapapo ngati chakudya kuyambira mu 1971, moti haggis weniweni salowa m'dzikomo. Ife a ku Kawale tikadamva zimenezo tikadangogwira pakamwa.

Chimene chidandigwira mtima si kukoma kwake, ngakhale kuti amakoma ndithu, amakhala ngati nthumbwana yothira nsinjiro. Ndi kagawidwe. Nyama ikaduliridwa pamodzi chotero palibenso zoti chiwindi n'cha bambo, ana atenge msuzi. Chipande chilichonse chimatunga zofanana. Kwathu kuno tidakula tikudziwa kuti nthutumba ya nkhuku ndi ya mwini nyumba, ndipo mwana woigwira amaona zakuda. Ulemu kwa bambo ndi wabwino, sindikukana, koma amene thupi lake likufuna chiwindi kwambiri pakhomopo ndi kamwana ka zaka ziwiri kaja, osati abambo a zaka 35.

Apa ndiyankhule monga namwino. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa ana 100 alionse osakwana zaka zisanu, 37 adali opinimbira, ndipo 63 mwa ana 100 a miyezi 6 mpaka 59 adali ndi magazi ochepa. Zifukwa zake n'zambiri, malungo ndi njoka za m'mimba zili momwemo, koma chakudya nacho chili ndi mbali yaikulu. Pa zaka zoposa 30 zomwe ndidakhala m'mawodi ndidatembenuza zikope za ana osawerengeka, n'kupeza m'kati muli mbee ngati pepala. Chiwindi ndi mtima zili ndi ayironi wambiri wothandiza kupanga magazi, ndipo thupi limamutenga mosavuta kuposa wa m'masamba. Chiwindi chilinso ndi vitamini A, wothandiza maso ndi chitetezo cha m'thupi. Mwana akakwana miyezi 6 n'kuyamba phala, kachidutswa ka chiwindi chophika bwino, chonyenya, kamodzi pasabata, kamachita zazikulu. Amayi oyembekezera okha ndiwo ayenera kusamala: vitamini A wa m'chiwindi akachuluka angavulaze mwana m'mimba, choncho iwo adye mtima ndi nyama ina, za chiwindi afunse kaye kusikelo.

Tibwerere kuphwando kuja. Anthu atakhuta, mpamene padabwera wisiki. Malamulo a kwawo amati mowa umenewu ukhale m'migolo ya mtengo wa oak zaka zosachepera zitatu, ndipo ukali wake usachepere magawo 40 pa 100. Ndi kachasu ndithu, koma wodziwika muyeso. Aliyense adathiriridwa katoti pansi penipeni pa tambula, ena n'kuonjezera madzi, ndipo ife osamwa tidapatsidwa zakumwa zozizira popanda wotiseka. Wina adakamba mbiri ya Burns. Kenaka bambo wina adaimirira kuyamikira amayi moseleula, mayi wina naye n'kuimirira kubweza moto, mwamuna wake ali pomwepo akuseka mpaka misozi. Inu a mabanja atsopano, ndi liti pomwe mudamuyamikirako mnzanuyo pagulu, iye akumva? Pomaliza tidagwirana manja mozungulira n'kuimba Auld Lang Syne, nyimbo ya kutsanzikana yomwe imamveka dziko lonse lapansi usiku wolowa chaka chatsopano.

Komatu musaganize kuti ku Scotland n'kumwamba. Mowa wawapweteka zedi. Mu 2023 mokha anthu oposa 1,200 adamwalira kumeneko ndi matenda obwera ndi mowa, ndipo kuyambira mu 2018 boma lawo lidaika mtengo wotsikitsitsa womwe mowa sungagulitsidwe kuchepera apo, n'kuukwezanso mu 2024. Burns yemweyo sadali chitsanzo pabanja. Adabereka ana mwa akazi angapo, adamwalira ali ndi nkhawa ya ngongole, ndipo mkazi wake Jean Armour adachira mwana womaliza tsiku lomwe mwamuna wake ankaikidwa m'manda. Tengani ndakatulo ndi mphika wake, zinazo musiyireni.

Kuti muone mowa wopanda muyeso, kwerani ya ku Kanengo mukatsikire ku Mgona. Kumeneko anthu ndi olimbikira, amayi akusankha mtedza tsiku lonse, abambo akudikira ganyu pamageti a makampani. Koma Januwale msika wa fodya umakhala wotseka, maganyu amasowa, ndipo mukalowa m'tinjira ta kuseri mumapeza amuna atakhala pabenchi 9 koloko m'mawa, velemoti ili pakati, m'mimba mulibe kanthu. Ku Chinsapo, njira ya ku Likuni, mupeza zomwezo. Kachasu alibe pepala lokuuzani ukali wake, wa lero sangafanane ndi wa dzulo, ndipo wamutu ndiye amaotcha ngati palafini. Boma lidaletsa mowa wa m'masacheti mu 2015, koma udangosintha chovala n'kulowa m'timabotolo tapulasitiki. Mu 2024 anthu angapo adamwalira ku Blantyre atamwa mowa womwe dzina lake lokha, Ambuye N'tengeni, lidali kale uthenga wa maliro.

Amuna otere ndidawasamalira ambiri. Amabwera mimba itatupa ngati ya mayi wa miyezi 9, maso ali chikasu, miyendo yotupa, ena akusanza magazi. Chiwindi chimakhala chitauma n'kukwinyika, ndipo chikafika apo sichibwereranso. Chomvetsa chisoni n'choti chiwindi chimapirira mwakachetechete zaka zambiri, munthu n'kumadzitama kuti iye mowa sumugwetsa. Pambali pa bedi pamakhala mayi wachichepere, mwana kumsana, akuwerenga ndalama ya minibasi m'kansalu.

Nanga haggis wathu tingamuphike bwanji? Lawirirani m'mawa, mbuzi zikangophedwa kumene. Pamsika wa Nsungwi ku Area 25, ngakhalenso ku Kawale komwe, mukapempha wogulitsa amakupatsani mtima, chiwindi, mapapo ndi chifu za mbuzi imodzi. Za madzulo zotera ntchentche zisiyeni. Chiwindi chikhale chosalala, chofiirira bwino. Mukaona timadontho toyera, matuza a madzi, kapena tizilombo tophwatalala ngati tsamba tikutuluka podula, musagule, ndipo musaponyere galu chifukwa matenda ena amabwerera kwa ana kudzera mwa galuyo. Nyengo ya mvula ndi nyengo ya kolera. Sitinaiwale Januwale wa 2023 pomwe sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zidachedwa kutsegulidwa chifukwa cha mliriwu. Madzi otsukira akhale otetezedwa, m'manja musambe ndi sopo.

Chifu chitembenuzeni, muchipale ndi mpeni, muchitsuke ndi mchere kangapo. Mtima, chiwindi ndi mapapo muwiritse ola limodzi ndi theka, muziziritse, kenaka mudule tinthuli tating'ono kwambiri. Thirani anyezi awiri kapena atatu, mafuta a mbuzi yomweyo, mchere ndi tsabola pang'ono poganizira ana. Oats akakhala wodula, mgaiwa wokazinga pang'ono pachiwaya chouma umagwira ntchito yomweyo, makapu awiri akwana. Nyowetsani ndi msuzi wowiritsira uja, mulonge m'chifu koma chisadzaze chifukwa ufa umafufuma, musoke ndi ulusi, mubooleboole ndi singano kuti chisaphulike, n'kuwiritsa pamoto wodekha maola atatu. Ndikudziwa, makala adakwera. Ofuna kupulumutsa makala asiye chifu, angophika zosakanizazo mumphika wovundikira kwa ola limodzi, akutakasa ndi kuonjezera msuzi kuti zisapserere.

Kachewere wa ku Dedza ndi Ntcheu sasowa m'misika yathu, ndipo m'malo mwa tanaposi wawo uja, nkhwani wotendera amakhala paliponse mu Januwale. Nsima nayo siyikana. Pa tambula, thobwa likwanira nyumba yonse mpaka kamwana komwe. Bambo amene amamwa adye kaye akhute, katoti kakhale kamodzi, pakhomo, botolo n'kubwerera mukabati. Za m'kati mwa mbuzi imodzi zikaphikidwa motere zimadyetsa anthu 6 kapena 8, ndipo zotsala muzitenthetse mpaka zitulutse nthunzi musanapatse ana m'mawa mwake.