Nthambo ya pa Khosi la Njinga

M'mudzi wina pafupi ndi Katete muli mkulu amene kale anali mphunzitsi. Cuma cimene acinyadira koposa ndico njinga yace yamoto ya BSA Bantam, mtundu uja unali kupangidwa ku Birmingham kuyambira 1948 kufikira 1971. Utoto wace unasuluka kale, koma injini iri kulirabe bwino.

Tsiku lina mdzukulu wace anabwereka njingayo kunka nayo ku cigayo, naibweza dzuwa likalipo. Usiku womwewo mkazi wa mkuluyo anadwala, ndipo iye anamkweza kuti apite naye ku cipatala. Pokhota pa mphambano ina nyali inazima, injini niti zii, ndipo anatsala pang'ono kugwera m'ngalande. Anapeza kuti fyuzi yapsa, naikapo yina. Koma pokhotanso patsogolo nayonso inapsa. Mtunda wotsalawo anayenda pansi, wodwala atatsamira pa phewa lace.

M'mawa mwace, mtima uli m'mwamba, anaitana mnyamata uja nati, "Iwe, wandionongera njinga. Dzulo ukadapha agogo ako." Mnyamata anati, "Iai agogo, sindinakhudze kanthu," koma mkuluyo sanamve. Kuyambira tsikulo mdzukulu analeka kudzadya nsima pa khomopo.

Mkuluyo anagula batire latsopano ndi ndalama za fodya wace, koma fyuzi inapsanso. Apa m'pamene anakhala pansi naganizira zimene anali kuphunzitsa ana kale. Magetsi ayenda ulendo wozungulira: acoka ku batire, napita m'nthambo kufikira ku nyali, nabwerera kudzera m'citsulo ca njinga. Pa njinga zambiri za ku England za zaka za 1950 ndi 1960 batire liri la mavoti 6, ndipo mbali yolembedwa + ndiyo imangidwa ku citsulo, kusiyana ndi njinga za masiku ano. Tsono nthambo ikasupuka nikhudza citsulo, magetsi adzera njira yacidule, nathamanga ambiri koposa muyeso, ndipo fyuzi ipsa kuti nthambo zingayake moto. Kotero fyuzi iri ngati mlonda wofera pa cipata, ndipo munthu woika msomali m'malo mwace aitana moto yekha.

Cifukwa ca ici mkuluyo analeka kutaya mafyuzi. Anatenga babu, namangako tinthambo tiwiri, naliika pa malo a fyuzi, atatseka maswichi onse. Popeza palibe cimene cinali kudya magetsi, babu linayenera kukhala lozima. Likayaka, ndiye kuti nthambo yakhudza citsulo penapace. Anagwedeza nthambo za pansi pa mpando, za ku nyali ya kumbuyo ndi za ku huta, koma babu linali duu. Anacita dero masiku awiri, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tsiku lacitatu anakumbukira kuti nthawi zonse tsoka linali kudza pokhota. Koma sanathe kutembenuza zigwiriro ndi kusuzumira pansi pa thanki nthawi imodzi, ndipo maso acenso anali ofoka. Cala cimodzi siciswa nsabwe. Anameza malobvu, natuma mwana kukaitana mdzukulu uja.

Mnyamata anadza ndi nkhope yogwa, nagwada pafupi ndi gudumu la kutsogolo. Mkuluyo anatembenuzira zigwiriro ku dzanja lamanja, ndipo panalibe kanthu. Potembenuzira kumanzere, babu linati ngwee! "Imani pomwepo, agogo," anatero mnyamata, nalowetsa cala pa khosi la njinga, pamene mtolo wa nthambo upita kunka ku nyali ya kutsogolo. Pamenepo nthambo yocokera ku batire inali itakhuzika pa citsulo zaka zambirimbiri, mphira wace nuuma nung'ambika, ndipo citsulo cinali ndi kadontho kakuda ka moto. Bala limeneli linali lakale koposa msinkhu wa mnyamatayo.

Anadula pobvulalapo, nalumikiza nthambo yatsopano, naocherera, nakulunga ndi tepi, nasiya nthambo yolendewera pang'ono kuti isakokeke pokhota. Batire lakale poliyesa linasonyeza mavoti 6.3, ndiko kunena kuti linalibe cirema ciri conse.

Madzulo ace, mkazi wace atakhala pa mphasa wocira, mkuluyo anati pamaso pa onse, "Mdzukulu wanga, ndinakunamizira. Undikhululukire." Mnyamata anaomba m'manja, nasamba, nakhala pa mbale imodzi ndi agogo ace.

Batire lija analigula pacabe liri pa cipupa kufikira lero, ndipo mkuluyo akana kuligulitsa. Anthu akabwera kwa iye ndi mlandu, ayamba waloza batirelo, nawauza kuti munthu afunefune pamene nthambo yasupuka asanachule dzina la mnzace.