Manja a Achemwali Anga

Ndalama zimene zinandilipirira sukulu ya sekondale zinatuluka m'makina osokera a Singer amene ankakhala pakhonde la sitolo ina kwathu ku Dedza. Mwini makinawo anali achemwali anga aakulu. Bambo atamwalira ine ndili Sitandade 7, ndi iwo amene anagamula kuti mwanayu sasiya sukulu, ndipo anasoka mayunifolomu, madiresi a ukwati ndi zigamba za mathalauza mpaka ndinalemba mayeso a Fomu 4. Patapita zaka zambiri, nditabwerako kunja ndi digiri yachitatu, anthu nayamba kunditchula kuti dokotala, iwo anaseka nandifunsa kuti, "Achimwene, udokotala wanuwo ngwochiza chiyani?" Ndinayankha kuti ndine dokotala wa mawu. Iwo anati, "Chabwino, mawu akadzadwala tidzakuitanani."

Matenda awo anayamba m'nyengo yozizira ya chaka cha 2014. Ankadzuka zala zili gwa, osatha kufumbata, osathanso kulowetsa ulusi pasingano, ndipo kuumako kunkayamba kumasuka dzuwa litakwera, mwina patapita maola awiri. Mfundo za zala zinatupa manja onse awiri mofanana, kenaka kutupako kunafika m'mapazi ndi m'mawondo. Aliyense amene anawaona anatchula dzina limodzi, lakuti nyamakazi. Kuchipatala chaching'ono cha kwathu anawapatsa mapiritsi opha ululu. Kwa sing'anga anawatema mphini zimene zipsera zake zilipo mpaka lero. Ataonda, anthu anayamba kunong'ona za matenda ena aja, ndipo anakayezetsa magazi katatu konse, katatu konseko osapezeka ndi kachilombo. Ine ndinkatumiza ndalama ndi mabulangete, poganiza kuti ndi kuzizira kwa ku Dedza komwe kwalowa m'mafupa.

Monga mphunzitsi wa sayansi ya zilankhulo, ndinayenera kuzindikira msanga kuti liwu lakuti nyamakazi ndi dengu lalikulu lomwe timaponyamo zinthu zosiyana. Muli kuperepeseka kwa mfundo kobwera ndi ukalamba ndi ntchito yakalavulagaga. Muli gout, amene amadza pamene timiyala ta uric acid taundana m'mfundo, kawirikawiri pachala chachikulu cha kuphazi. Mulinso matenda amene anagwira achemwali, omwe dokotala wa ku London, Alfred Garrod, anawatcha rheumatoid arthritis m'chaka cha 1859 pofuna kuwasiyanitsa ndi gout. Pa matenda achitatuwa, chitetezo cha m'thupi chimaukira kachikopa kopyapyala kokuta mkati mwa mfundo, kachikopako kamatupa, ndipo kutupako kumadya chichereŵechereŵe ndi fupa lomwe. Kudyekaku kumayamba m'zaka zoyambirira, ndipo akatswiri amagwirizana kuti mankhwala amathandiza kwambiri akayambidwa m'miyezi yochepa yoyamba. Ife tinataya zaka zitatu tili chikhalire m'dengu lija.

Sikuti liwu lokha ndi limene linatisocheretsa. M'chaka cha 1968, Brian Greenwood, amene ankagwira ntchito ku Ibadan m'dziko la Nigeria, analemba kuti matenda a mtundu umenewu ankaoneka mwa apo ndi apo pakati pa odwala a kumeneko, ndipo anaganiza kuti mwina malungo ndi tizilombo tina timasintha kagwiridwe ntchito ka chitetezo. Ganizo lakuti awa ndi matenda a Azungu linakhazikika kwa nthawi yaitali, ndipo chimene munthu sakuchiyembekezera sachifunafuna. Lero bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati m'chaka cha 2019 anthu okwana 18 miliyoni anali ndi rheumatoid arthritis, ndipo pafupifupi 70 mwa 100 alionse anali amayi. Matenda ena a m'banja lomweli, otchedwa lupus, amadziwika kuti amagwira mwankhanza kwambiri amayi a khungu lakuda.

Dzina lenileni tinalimva m'chaka cha 2017, pachipatala china chachikulu mumzinda. Dokotala wachitsikana anagwira mfundo iliyonse payokhapayokha, kuwerenga zotupa ndi zowawa, naitanitsa zoyeza magazi ziwiri, rheumatoid factor ndi anti-CCP. Zotsatira zitabwera anandifotokozera ine m'Chingerezi, popeza Chichewa sichinali chilankhulo chake, ndipo anandipempha kuti ndimasulire. Ndinatembenukira kwa achemwali ndi mtima wa munthu amene wafika pamunda wake. Ndinati, "Akuti chitetezo chanu chachuluka mphamvu, ndiye akupatsani mankhwala ochitsitsa." Iwo anagwedeza mutu, kuthokoza dokotala mwaulemu, ndipo tinabwerera.

Patatha miyezi iwiri mwana wawo anandiimbira foni kundiuza kuti mankhwala onse ali m'kabati ka makina osokera, sanamwedwe ngakhale limodzi. Nditapita kukafunsa, anandiyankha mosakweza mawu. "Achimwene, tinaika m'manda alongo athu awiri chifukwa chitetezo chinatsika. Inu munalipo. Lero mukuti ine ndimwe dala mankhwala otsitsa chitetezo?"

Ndinasowa pogwira. Liwu lililonse limene ndinamasulira linali lolondola mudikishonale, koma ndinaiwala kuti mawu amakhala ndi mbiri. Mawu akuti chitetezo cha m'thupi anafala pakati pathu kudzera m'mauthenga a Edzi, pawailesi, m'masewero ndi m'zipatala. Tinaphunzitsidwa kuti m'magazi muli asilikali, kuti akachuluka munthu ali bwino, akachepa imfa yayandikira. Fanizo limeneli linapulumutsa anthu ambiri. Komatu mulibemo malo a msilikali wotembenuza mfuti kuloza kwawo. Ine ndinatenga chiganizo chimene kwa achemwali chinkatanthauza maliro, nkuchipereka ngati uthenga wa chithandizo.

Usiku umenewo sindinagone, ndipo monga mwa chizolowezi cha ntchito yanga, ndinayamba kuphwanya ziganizo. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikuphunzitsa kusiyana kwa "chapindidwa" ndi "chapindika", nkhani imene Sam Mchombo anaifukula mozama m'kafukufuku wake wa malamulo a Chichewa. Tikati chala chapindidwa, pali wina amene wachipinda, ngakhale sitinamutchule. Tikati chapindika, tangonena mmene chilili, ndipo chiganizocho sichilola kuti tiwonjezere wochita. Achibale amene anapita ndi achemwali kwa sing'anga ankafuna chiganizo choyambacho, chokhala ndi mwini mlandu. Achipatala chaching'ono anapereka chachiwiri, chopanda woyambitsa. Matendawa sakwana monse muwiri. Wochita alipo, koma sali kunja kwa thupi.

Kenaka ndinakumbukira mmene achemwali eniake ankadandaulira: "Zala zikundipweteka." M'chiganizo chimenechi mwininkhani ndi zala, ndipo munthu ali m'kati mwa mneni ngati wochitiridwa, m'kaphatikizo kakang'ono ka -ndi-. Timatero tsiku lililonse: mutu ukundiwawa, msana ukundipha. Chichewa chinavomereza kale kuti chiwalo chingathe kuchitira nkhanza mwini wake. Sayansi ndiyo inachedwa kuvomereza zimenezi. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, Paul Ehrlich wa ku Germany ankaphunzitsa kuti thupi lili ndi njira zopewera kudziwononga lokha, ndipo anthu ambiri anamva ngati wanena kuti kudziwononga koteroko nkosatheka. Panapita zaka zambiri madokotala asanakhulupirire kuti kumachitika. Funso la chimene chimaletsa asilikali kuukira kwawo ndi limene linapezetsa mphotho ya Nobel ya 2025 kwa Shimon Sakaguchi, Mary Brunkow ndi Fred Ramsdell. Sakaguchi anaonetsa m'chaka cha 1995 kuti pali gulu lapadera la maselo a T lomwe ntchito yake ndi kuletsa anzawo, ndipo awiri enawo anapeza mu 2001 jini yotchedwa FOXP3, yomwe ikawonongeka oletsawo sagwira ntchito.

Mmawa ndinayesanso. Ndinati asilikali sanachuluke ayi, koma asokonezeka, sakusiyanitsa mlendo ndi mwini mudzi, ndipo mankhwalawa ngowabweza pang'ono kuti asiye kugumula nyumba zawo zomwe. Ndinawauzanso zoona, kuti munthu akamamwa mankhwalawa matenda ena amamugwira mosavutirapo, nchifukwa chake ayenera kumaonedwa pafupipafupi. Anakhala chete nthawi yaitali akusisita mfundo zawo. Kenaka anati, "Ndiye zili ngati makina akamatafuna nsalu. Sutaya makina. Umamasula pang'ono pomangira ulusi, koma ukamasulitsa sasokanso." M'zaka zanga zonse za m'kalasi sindinamvepo kumasulira koposa kumeneku. Tsiku lomwelo anatsegula kabati kaja.

Mankhwala aakulu anali methotrexate, amene anayamba ngati mankhwala a khansa ndipo anavomerezedwa ku America pochiza matendawa m'chaka cha 1988. Amamwedwa kamodzi pa sabata, ndipo kuwamwa tsiku lililonse kungathe kupha munthu. M'dziko limene tonse tinazolowera kumva kuti mankhwala a moyo wonse sadumphitsa tsiku, lamulo limeneli nlofunika kulibwereza kawirikawiri. Achemwali anawapatsa dzina lakuti "a Lolemba", ndipo dzinalo ndi limene lawateteza. Achiwiri anali hydroxychloroquine. Atamva dzinalo anafunsa ngati ndi m'bale wa kolokwini uja woyabwitsa thupi, ndipo analondola. Malawi ndi dziko loyamba mu Africa kusiya kolokwini ngati mankhwala oyambirira a malungo, m'chaka cha 1993, koma m'bale wakeyu anapeza ntchito ina yoziziritsa chitetezo cholusa. Mu 2020, mphekesera itamveka padziko lonse kuti amachiza Covid-19, anthu anawagula mpaka kutha, ndipo ife tinayendayenda m'mafamase miyezi itatu osawapeza. Kafukufuku wamkulu wa ku Britain wotchedwa RECOVERY anaonetsa mu Juni chaka chomwecho kuti sathandiza odwala Covid-19 ogonekedwa m'chipatala, koma pamenepo nkuti mawondo a achemwali atatupanso.

Kuyambira nthawi imeneyo ndakhala ndikuwerenga magazini a zachipatala monga mmene mlendo amawerengera zikwangwani za mumzinda wachilendo. Ndinaphunzira kuti kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Marc Feldmann ndi Ravinder Maini ku London anaonetsa kuti kutsekereza puloteni imodzi yotchedwa TNF kumazimitsa kutupa, ndipo mankhwala otere analowa pamndandanda wa WHO wa mankhwala ofunikira mu 2019. Koma ndi odula, amafuna firiji, ndiponso amadzutsa chifuwa chachikulu chogona m'thupi, chomwe ambiri a ife kuno kum'mwera kwa Africa tili nacho osadziwa. Ndinawerenganso za gulu la Georg Schett ku Erlangen m'dziko la Germany, lomwe mu 2021 linachotsa maselo a T mwa mtsikana wodwala lupus, kuwasintha kuti azisaka maselo a B osokonezekawo, nkuwabwezera m'thupi. Mu 2024 gululi linalemba za odwala 15 a lupus ndi matenda ena awiri a m'banja lomweli, amene anasiya mankhwala awo otsitsa chitetezo atalandira chithandizochi. Chiwerengerocho nchochepa ndipo mtengo wake ngwoopsa, komabe ndinathamangira kukawauza achemwali. Anamvetsera mpaka kumapeto nafunsa kuti, "Nanga zala zopindika kale zimawongoka?" Ndinayankha kuti ayi.

Kafukufuku amene ali pafupi ndi ife ndi wosamveka kwambiri m'nyuzipepala. Ku Glasgow, mu 2004, anaonetsa kuti odwala oonedwa mwezi uliwonse, mfundo zawo nkumawerengedwa ndipo mankhwala nkumasinthidwa msanga, amapeza bwino kuposa oonedwa mwa apo ndi apo, ngakhale mankhwala ake ndi akale omwewo. Mu 2013 kafukufuku wina wa ku America ndi Canada anapeza kuti kuphatikiza mapiritsi atatu otsika mtengo, methotrexate, sulfasalazine ndi hydroxychloroquine, kumathandiza mofanana ndi kuphatikiza methotrexate ndi jakisoni wodula wa etanercept. Zimene zikufunika pamenepa ndi munthu wodziwa kugwira mfundo, mankhwala osasowa, ndalama ya minibasi, ndi mawu omveka.

Pa nkhani ya mawuyi pali phunziro limene limandikhudza kwambiri. Kwa zaka zambiri ofufuza ankayeza kutupa, ululu ndi magazi. M'chaka cha 2002, pamsonkhano wa gulu lotchedwa OMERACT, odwala anaitanidwa kukhala nawo pazokambirana, ndipo ananena kuti chinthu china chimene chimawazunza kwambiri sichinali pamndandanda: kutopa. Pofika 2006 gululi linavomereza kuti kutopa kuziyezedwa m'kafukufuku wa matendawa. Achemwali akanakhala pamsonkhanowo akanawonjezera kuti liwu lakuti kutopa nalonso nlosakwana, chifukwa wotopa amapuma nkutsitsimuka. Iwo amati kulefuka, thupi lili lefu ngati ndiwo zofota, ndipo anansi amakutcha ulesi. Dokotala akawafunsa kuti ululu wawo uli pa nambala yanji pakati pa 0 ndi 10, amatchula 5 pofuna kusamukhumudwitsa. Koma mukawasiya alankhule, amasiyanitsa kuwawa, kulasa, kutentha, kuphwanya ndi kuuma, ndipo amadziwa kuti kuuma kukapitirira nthawi ya phala, matenda akudzukanso. Fomu yomasuliridwa kuchokera ku Chingerezi liwu ndi liwu singagwire zimenezi, ndipo ife a zilankhulo m'mayunivesite a chigawo chino sitinganene kuti ntchitoyi njamadokotala okha.

Achemwali sasokanso. Zala zawo zinapendekera kunja, ndipo sizigwira sizasi. Koma kutupa kunachepa, amayenda okha kupita kutchalitchi, ndipo makina aja akulirabe pakhonde, wopalasa ndi mdzukulu wawo, iwo atakhala pambali kumulangiza. Ine ndinagula kope lachikuto cholimba, ndipo tsiku la sikelo yawo likafika ndimakhala nawo pabenchi la chipatala, nkumalemba, eniake atandilola, mawu amene odwala amafotokozera matupi awo. Mwezi watha ndinawawerengera zimene ndalemba. Anandiimitsa patsamba lachitatu nati, "Apo mwalakwitsa, achimwene. Kulasa ndi kubaya nzosiyana. Fufutani, ndikuuzeni bwino." Ndinafufuta.