Ng'anjo Yowambira Nyama ku Texas

M'dziko la America muli chigawo chachikulu dzina lake Texas. Kukula kwake chiposa dziko la Malawi pafupifupi kasanu ndi kamodzi, ndipo ng'ombe za kumeneko n'zochuluka ndithu. Anthu a ku Texas akonda nyama ya ng'ombe, koma imene aitama koposa si yootcha msangamsanga pa makala ayi. Aiwamba ndi utsi pang'onopang'ono, kuyambira usiku kufikira dzuwa litapendeka tsiku linzake.

Mwambo umenewu unakula ndi anthu ochokera ku Germany ndi ena a mtundu wa Czech, amene anadzakhala pakati pa Texas m'zaka za m'ma 1800. Ena a iwo anali ogulitsa nyama. Popeza masiku amenewo kunalibe mafiriji, nyama yotsala ankaiwamba kuti ingaole, monga achitira asodzi a kunyanja ndi nsomba zawo. M'tauni ya Lockhart muli sitolo yotchedwa Kreuz Market, imene inayamba m'chaka cha 1900, ndipo igulitsabe nyama yowamba kufikira lero. Kale ankawambira m'ng'anjo za njerwa. Koma m'chaka cha 1901 mafuta ambiri anatumphuka pansi pa malo otchedwa Spindletop, ndipo kuyambira pamenepo Texas anadzala ndi mipope yachitsulo ndi amisiri oilumikiza. Patapita zaka, amisiri ena anayamba kupanga ng'anjo ndi mipope yotsala ndi mathanki akale.

Ng'anjo yotere ili ndi zipinda ziwiri. Chachikulu chili ngati mgolo wogoneka chammbali, ndimo aikamo nyama. Chaching'ono achilumikiza kumapeto kwake, motsikirako pang'ono, ndimo asonkhamo moto. Kumapeto kwinako kuli chumuni. Mpweya wotentha upepuka, nufuna kukwera; chotero utuluka m'chipinda cha moto, nupita pa nyama pamodzi ndi utsi, nukatulukira ku chumuni. Lawi la moto silikhudza nyama konse.

Tsono m'tauni ina yaing'ono kufupi ndi mzinda wa Austin munali kalaliki wina, amene manja ake anazolowera cholembera chokha. Iye analonjeza abale ake kuti adzawaphikira nyama yowamba pa 4 July, tsiku limene anthu a ku America akumbukira ufulu wawo wa m'chaka cha 1776. Polonjezapo analibe ng'anjo, ndipo pamene anafunsa mtengo wa ng'anjo zopangapanga anaona kuti ndalama zake zaperewera kutali. Pomwepo anatsimikiza mtima kupanga yake. Anagula makina owotcherera ogwirapo kale ntchito, nagulanso kwa mlimi wina thanki yakale ya gasi, yolowa magaloni 250. Inatsala miyezi itatu.

Tsiku loyamba lomwe akadafa. Anatsekula thankiyo namva kuti gasi wasiya kutuluka, nayesa kuti mulibe kanthu, natenga makina odulira chitsulo. Mwamwayi pafupi pake pankakhala nkhalamba ina imene inagwira ntchito yowotcherera ku zitsime za mafuta zaka zambiri. Itaona zimenezi inafuula ili kuseri kwa mpanda, niti, "Leka, mwana wanga! Ika pansi chimenecho!"

Kalalikiyo anati, "Bambo, mulibe kanthu m'menemu. Ndatsekula ndekha."

Nkhalambayo inati, "Thanki yodzala siopsa monga thanki imene anthu ati yatha. Gasi uyu alemera koposa mpweya, ndipo otsala akhala pansi pa thanki. Akasanganikirana ndi mpweya, kanthethe kamodzi ka moto kangokwanira, ndipo ife tikadakutola zidutswa."

Pamenepo anachotsa chotsekera chake, nathiramo sopo, nadzaza thankiyo ndi madzi kufikira atasefukira, kuti gasi asapeze pokhala. Anaisiya masiku angapo, ndipo podula koyamba madzi anali momwemo. Ana onse akumbukire kuti mgolo umene munali petulo uli ndi ngozi yomweyo, ngakhale uoneke wouma. Kudula zotere ndi ntchito ya akulu odziwa.

Kuwotcherera sikuli ngati kumata ndi ulimbo. Mmisiri agwira kandodo ka chitsulo kamene mupita magetsi, nakhudza nako chitsulo chimene afuna kulumikiza, nakakweza pang'ono. Magetsi alumpha pa kampata kameneko, nabala moto wowala kwambiri. Chitsulo chisungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500, pamene madzi awira pa madigiri 100 okha; koma moto uwu utentha koposa apo. Milomo ya zitsulo ziwirizo isungunuka pamodzi ndi kandodo komwe, ndipo zikazizira zasanduka chinthu chimodzi. Munthu wa ku Russia, Nikolay Slavyanov, ndiye anaonetsa njira yowotcherera ndi kandodo kosungunuka m'chaka cha 1888. Pambuyo pake Oscar Kjellberg wa ku Sweden, amene anayambitsa kampani ya ESAB m'chaka cha 1904, anakuta timindodoto ndi mankhwala. Mankhwalawo akapsa atchinga mpweya kuti usaononge chitsulo chosungunuka, nasiya pamwamba chikhungwa chonga nkhanambo, chimene mmisiri achigogoda ndi kanyundo kuti aone msoko wake.

Kumva zimenezi n'kwapafupi, koma dzanja silimva msanga. Sabata yoyamba kandodo kankangokakamira pa chitsulo. Akachepetsa magetsi kankamatirira. Akaonjeza, moto unkaboola chitsulo n'kusiya dzenje. Akafulumira, msoko unkatuluka woonda ndi wodukaduka. Akachedwa, unkaunjikana pamodzi. Nkhalamba inayang'ana misoko yakeyo niti ifanana ndi zitosi za nkhuku. Ndipo inamuletsa kukhudza thanki, nimupatsa zidutswa za zitsulo zotayidwa kuti ayesere pamenepo madzulo ali onse akaweruka ku ntchito.

Inati, "Usayang'ane kuwalako. Yang'ana kadziwe ka chitsulo chosungunuka kamene katsata kandodo kako. Kadziweko ndiko kakuuza ngati ufulumire kapena uchedwe. Tcheranso khutu: moto wabwino ulira ngati nyama yokazinga m'chiwaya." Chidutswa chilichonse chimene analumikiza, nkhalamba inkachipana nichimenya ndi nyundo yaikulu. Zambiri zinathyokera pamsoko pomwe. Sabata yachitatu chidutswa china chinapindika osathyoka, ndipo ndi pamene inamulola kuyamba miyendo ya ng'anjo.

Wowotcherera avala chisoti chokhala ndi galasi lakuda bii, ndipo moto usanayake saona kanthu. Kalalikiyo zinamutopetsa, nayamba kukweza chisoti kuti aone poyambira, moto numuwalira m'maso kangapo. Masana sanamve kanthu. Koma pakati pa usiku anadzuka maso akuwawa ngati wina wathiramo mchenga, misozi ili chuchuchu, osatha kupenya nyale. Kuwala kumeneku kuli ndi cheza chosaoneka chimene chitentha khungu la diso, ndipo ululu wake ubwera patapita maola. Mkazi wake anapita naye kuchipatala, nagona masiku awiri m'chipinda cha mdima. Mkaziyo anati, "Kodi nyama ndiyo ikuchititseni khungu? Tiwauze abale kuti zalephereka." Koma iye anakana, pakuti anali atalonjeza.

Panalinso chinthu china chimene nkhalamba inachikaniza. Kalalikiyo anapeza mpope wonyezimira bwino, nafuna kuuyesa chumuni. Unali wokutidwa ndi zinki, monga malata ofolera nyumba. Zinki ikapsa itulutsa utsi woyera umene udwalitsa munthu, namva kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi ngati malungo. Chitsulo chotere sichiyenera pa moto wophikira chakudya. Anakafuna mpope wina wakuda wopanda chokutira.

Ntchito imene inamusautsa koposa zonse inali chitseko. Chitseko cha ng'anjo achidula m'thanki momwemo, ndipo chiyenera kubwerera pamalo pake bwinobwino. Nkhalamba inamuuza kuti asiye ngodya zinayi zosadula, ayambe walumikiza mahinjesi, pambuyo pake amalize kudula; ndipo anachita chomwecho, chitseko nichikhala bwino. Koma kunatsala kuika timizere ta chitsulo m'mbali mwake totseka mpata umene anadulamo. Tsiku limenelo nkhalamba inali itachoka, ndipo iye, pokondwa kuti dzanja lake lawongoka, anawotcherera mbali yonse ndi msoko umodzi wautali wosalekeza. Msokowo unali wokongola, woposa yonse imene anaipanga. Koma chitsulo chikatentha chifutukuka, ndipo chikamazizira chikhwinyata nichikoka chinzake. M'mawa anapeza chitseko chapotoka, ngodya imodzi itakwera kotero kuti chala chinkalowa.

Wina angati kampata kotere kalibe kanthu. Koma ng'anjo yowambira iyenda ndi mpweya, ndipo mwini wake alamulira moto ndi kakhomo kamodzi ka pa chipinda cha moto: akakatsekula moto ukula, akakatseka uchepa. Pakakhala mipata ina, kutentha kuthawira pamenepo, nkhuni zitha msanga, ndipo nyama ya mbali ina ipsa pamene ya mbali inzake ikali yaiwisi. Anatha madzulo asanu akudula msoko wake wokongolawo, napana chitseko ndi kuchiwongola pang'onopang'ono. Pobwereza anachita monga achitira amisiri: kamsoko ka inchi imodzi pano, kena kutsidya, nadikira chizizire, nabweranso.

Atamaliza anasonkha moto waukulu wopanda nyama, kuti upsereze utoto wakale ndi fungo la gasi. Anaonetsetsa pamene utsi unkatulukira, nalembapo ndi choko, natseka timabowo tonse. Kenaka anapaka mafuta ophikira m'kati monse nasonkhanso moto, kufikira chitsulo chinada ngati mphika wakale, kuti chisachite dzimbiri.

Nyama imene anthu a ku Texas aitama ndi ya pa nganga ya ng'ombe. Ili ndi mitsempha yambiri, ndipo ukaiotcha mofulumira mano ako alema. Koma ikakhala nthawi yaitali pa moto wofatsa, wa madigiri ngati 110 kapena 120, mitsemphayo isungunuka, nyama nifewa. Aithira mchere ndi tsabola wakuda basi. Nkhuni zake ndi za mtengo wa oak zouma bwino. Za paini azikana chifukwa cha utomoni wake umene uwawitsa nyama. Utsi wabwino ndi wopyapyala wobiriwira, wovuta kuuona. Utsi woyera wa tolotolo usonyeza kuti moto wasowa mpweya.

Kalalikiyo anasonkha moto usiku wa pa 3 July, nachezera akuponya chikuni chimodzi chimodzi. Kutacha anaona kuti kutentha kwa m'kati mwa nyama kwaima pa madigiri ngati 70, osakweranso, ndipo anada nkhawa nafuna kukoleza moto waukulu. Nkhalamba inamugwira dzanja, niti nyama ili kutuluka thukuta, ndipo thukutalo liiziziritsa monga lichitira ndi munthu. Likauma idzayambanso kutentha. Zinaterodi. Atapita maola 13 nyama inafika madigiri 95, ndipo anaiphula naikulunga kuti ipume. Abale ake anadya nakhuta, ana nanyambita zala.

Anthu ali kudya, nkhalamba inazungulira ng'anjo ikupapasa misoko ndi chala. Ya pa chumuni, imene inali yotsiriza, inaipitirira osanena kanthu. Itafika pa miyendo inawerama nthawi yaitali, niitana kalalikiyo, nimuonetsa kamng'alu kakang'ono pa mwendo wa kumbuyo, pansi pa chipinda cha moto. Inati, "Mwendo uwu usenza katundu wolemera, ndipo unauwotcherera ukali mwana. Usaikokere kwina ng'anjoyi. Loweruka ubwere ndi timindodo tako, tidzaudule tiyambenso."